Madeya okha si chakudya, lekani kunamizira nkhuku ulesi

Anzanga a m'gulu muno, a ku Msaka, Malembo, Chembe, Makawa, mpaka inu muli ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, pepani uthengawu ndi wautali. Amene bandulo yanu ili kumapeto musade nkhawa, mulibe video muno, ndi mawu okhaokha. Koma werengani mpaka pansi musanayambe kundiyankha.

Sabata yonseyi m'gulu muno mwadzaza nkhani ya nkhuku. Wina akuti Mikolongwe zimene anagula anamupusitsa, anamugulitsa zokalamba. Wina akuti zake zasiya kuikira chifukwa aneba ali ndi kaduka. Ndiye pali achimwene athu ena, sinditchula dzina, amene analemba motsindika kuti nkhuku sidyetsedwa, imadzidyetsa yokha, makolo athu sankagula chakudya cha nkhuku koma mazira ankadya. Ambiri munaika chala chovomereza. Ine ndikukana. Achimwene, ulemu wanu ndikuudziwa, koma mawu amenewa ndi amene akusowetsa mazira m'makomo mwathu, ndipo akufala mwachangu kuposa chitopa.

Tiyambe ndi makolowo. Agogo anali ndi bwalo lalikulu, kuseri kuli tchire, nkhokwe ili pakhomo pomwepo ikudontha chimanga, mtondo ukulira m'mawa ndi madzulo, misere ndi gaga zikugwera pansi. Khola la mbuzi kapena ng'ombe lili pafupi, ndowe zodzaza tizilombo. Nkhuku zisanu pamalo otero zinkakhutadi, sindikutsutsa. Tsopano pitani pa doko lililonse lero mukaone. Nyumba zathinana, pansi ndi mchenga wokhawokha, chimanga chili m'matumba m'chipinda chokhoma, kukonola timakonolera ku chigayo ndipo madeya ambiri amatsala komweko. Nkhuku za makomo khumi zikupalasa dzala limodzi, kulimbirana ndi abakha, agalu ndi mbuzi. Ndiye mukuti idzidyetse yokha. Idye chani, majumbo?

Komanso tisamakometse zakale mopitirira. Nkhuku yachikuda yongodziyendera imaikira mazira 10 mpaka 15, kufungatira masiku 21, kuyenda ndi anapiye mwina miyezi iwiri, kenako kuyambiranso. Pachaka imatero katatu kapena kanayi. Mukawerengera, mazira sapitirira 60 pachaka, ndiye kuti dzira limodzi pa sabata, ndipo ambiri mwa amenewo ankasiyidwa kuti aswe. Ndi chifukwa chake ana ambiri dzira ankaliona pakabwera alendo basi. Mikolongwe yodya bwino ikhoza kufika pa mazira 200 pachaka, za ku famu zofiira zija zimayandikira 300. Koma simungagule injini ya 40 n'kumaipimira mafuta a 15 kenako n'kumadandaula kuti yazimira pakati pa nyanja.

Ntchito yanga mukuidziwa, ndimakonza mainjini a maboti, ndipo kuseri kwa nyumba ya mayi ndili ndi mathadzi 12 ndi tambala mmodzi, chaka chachitatu tsopano. Ndilankhula monga makaniko. Palibe mwini boti amene amathira petulo yekhayekha mu Yamaha Enduro. Pa malita 20 mumathira oyilo 400 ml, ndipo ngakhale ndalama zivute bwanji oyiloyo mumamusaka, chifukwa mukudziwa kuti popanda iye injini ilira bwino kanthawi kochepa kenako pisitoni igwira, basi mwabwera kwa ine. Madeya ndi petulo. Amapatsa nkhuku mphamvu yoyendera ndi kukwera m'khola madzulo. Koma dzira silipangidwa ndi mphamvu yokha. M'dzira muli madzi, muli zomanga thupi, ndiye pali chigoba. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, nkhuku siifa ayi, imangotseka fakitale n'kumadzisamala yokha. Inu mumaiona ikuyenda bwinobwino, nthenga zili see, n'kumati ndi yaulesi. Si ulesi, aise, ndi njala.

Manambala ake ndi awa, ndipo si ovuta. Thadzi loikira limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku. Chakudya chakecho chimafunika chikhale ndi mapuloteni osachepera 16 pa 100. Chimanga chili ndi 8 kapena 9, madeya mwina 10. Ndiye ngakhale mutadzaza beseni lonse, nkhuku sikhala ndi mimba yoti idye madeya okwana kupanga dzira tsiku lililonse. Chigoba chimodzi chili ndi kashiamu wokwana magalamu awiri, ndipo kuti nkhuku ipeze awiriwo imafunika idye pafupifupi anayi patsiku. M'madeya kashiamu ndi wochepa kwambiri, kungoti mulibe. Ikasowa imayamba kusungunula mafupa ake omwe. Mazira ofewa aja, ongokhala ndi kachikopa, amene ena mumati ndi malodza, ndi amenewo. Nkhuku yojompha mazira ake nayo nthawi zambiri si mfiti, ikufuna chigoba.

Chimene chimandiwawa ine kwambiri n'chakuti anthu a kumtunda, a ku Dedza kapena ku Ntcheu, akanena kuti zomanga thupi za nkhuku n'zodula ndikhoza kuwamvetsa. Koma ife? Ife amene tikupondaponda chakudya cha nkhuku tsiku lililonse? Pansi pa mathandala pali fumbi la usipa, timitu ndi timichira tophwanyika. Pamene amayi akutumbula kampango ndi mlamba pali matumbo ndi mitu zongotayira agalu ndi ntchentche. M'mbali mwa nyanja muli zigoba za nkhono zimene mafunde amatibweretsera ulere. Nsomba youma ili ndi mapuloteni oposa theka la kulemera kwake, kuposa soya amene. Mavenda amadziwa zimenezi. Amabwera kudzagula fumbi ndi usipa wophwanyika pa mtengo wongotola, kukweza pa lole, ndipo zimakathera m'chakudya cha ziweto kumtunda. Kenako ife timakwera minibasi kupita ku Mangochi boma kukafunsa mtengo wa thumba la chakudya cha nkhuku n'kubwerako tikugwedeza mutu. Kapenanso kugula mazira pa okala, mazira amene ayenda ulendo wa tsiku lonse kuchokera ku mafamu a ku Lilongwe kapena Blantyre. Anthu a kunyanja kumagula dzira la kumtunda, pamene nkhuku zili pakhomo. Mxii.

Ndisanapitirire ndinene izi poyera, chifukwa ndikudziwa ena mupotoza. Sindikunena kuti mutenge usipa wabwino wa ndiwo mupatse nkhuku. Umenewo ndi wa ana. Ndipo sindikunena kuti mutenge neti ya udzudzu mukakokolole bonya ndi tiana ta chambo m'madzi osaya ponamizira nkhuku. Amene akuchita zimenezo akupha nyanja ya tonse, ndipo dzira lake ndi lodula kuposa lililonse. Ine ndikunena zotsalira, zimene tikutaya kale.

Palinso gulu lina limene ndikulimbana nalo, la anzathu ophunzira pa YouTube, amene amati popanda layers mash ya m'sitolo usayambe n'komwe. Chakudya cha m'sitolo ndi chabwino, amene anachisakaniza amadziwa ntchito yawo. Koma tiyeni tiwerengere. Nkhuku 10 zimadya kilo imodzi ndi magalamu 200 patsiku. Thumba la 50 kg likutha m'masiku 41. Zikamaikira bwino, mazira 7 patsiku, ndiye kuti mazira 287, mathireyi 9 ndi theka. Tengani mtengo wa thumba lero, onjezani thiransipoti yanu ndi ya thumbalo, mugawe ndi 287, muone chimene chikutsala. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, masamu amenewa akhala akuvuta munthu wa nkhuku 10. Ndiye zimene zimachitika ndi izi: mnyamata agula thumba limodzi nsomba zitafa bwino, nkhuku ziikira, ajambula n'kuika pa status. Thumba litha mwezi ukuwala, kauni sakugwira, ndalama palibe. Abwerera ku madeya. Pasanathe sabata mazira aima, nthenga ziyamba kuthothoka, ndipo ngakhale agule thumba lina mawa, zimatenga masabata kuti ziyambirenso. Nkhuku imadana ndi kusinthasintha. Bola chakudya chapakatikati cha tsiku lililonse kusiyana ndi phwando mwezi uno, maliro mwezi wamawa. Ndipo mukafuna kusintha chakudya, sakanizani chakale ndi chatsopano pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu.

Changa ndimasakaniza chonchi pa 10 kg iliyonse: chimanga chogaya mokhakhala 4 kg, madeya 2 ndi theka, soya wokazinga ndi kugaya 2 kg, fumbi la usipa theka la kilo, zigoba zosinja kilo imodzi, ndi mchere supuni imodzi. Ngati fumbilo ndi la usipa wofutsa ndi mchere, mcherewo ndimausiya, chifukwa mchere wambiri umapha nkhuku. Gwiritsani sikelo, bwerekani kwa ogulitsa nyemba, chifukwa mbale ya madeya ndi mbale ya zigoba sizilemera mofanana. Soya wamuwisi musayerekeze, ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa nkhuku kugaya chakudya, amafunika akazingidwe mpaka anunkhire koma osapserera. Nsomba musachulutse poganiza kuti mukuikonda nkhuku. Ikapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi, dzira limayamba kununkha usipa ndipo mayi wa mandasi sadzagulanso kwa inu. Soya akasowa ndimakweza nsomba kufika pa kilo imodzi, osapitirira pamenepo. Fumbilo muzipeta ndi lichero, theka lake limakhala mchenga. Zigoba za nkhono tolani zakufa kale zouma, muziwotche pang'ono pa makala kenako musinje mu mtondo, zina zikhale zokulirapo ngati mpunga. Musamalowe m'madzi a m'bango kukasaka zamoyo, likodzo mukulidziwa. Makoko a mazira nawo musataye, awambeni, muwasinje, abwerere kwa eni ake.

Koma nkhani yeniyeni si kasakanizidwe ayi. Nkhani ndi chaka. Chakudya cha nkhuku kunyanja kuno sichipezeka mofanana miyezi yonse, ndipo amene amayamba kuganiza za chakudya tsiku limene chatha, ameneyo ndi amene amadzanena kuti nkhuku zilibe phindu.

Chaka cha woweta chimayamba nthawi ya masika, April ndi May. Chimanga chatsika mtengo, soya akupezeka m'misika, zigayo zili pikitipikiti ndipo madeya ndi ambwee. Inu a ku Nkhotakota ndi Salima muli ndi mwayi wina wa madeya a mpunga, koma samalani, ena amakugulitsani mankhusu okhaokha amene nkhuku singagaye, ndipo madeya a mpunga sachedwa kununkha chifukwa ali ndi mafuta. Miyezi imeneyi nkhuku zimaoneka zonenepa ndipo aliyense amadziona katswiri. Ndi nthawi yogula ndi kusunga, osati yonyada. Madeya ayanikeni aume gwa musanaike m'thumba, chifukwa amachoka ku chigayo ali onyowa ndipo masiku awiri okha amatentha n'kuchita chuku.

Kenako mwera. June, July mpaka August mphepo ikawomba maboti amakhala pamtunda masiku angapo, usipa usowa, fumbi nalonso lisowa, ndipo m'thumba mwanu mulibe kanthu. Apa ndi pamene mazira amayenera kugulira sopo ndi mchere pakhomo, ndiye ndi pomwenso nkhuku za anthu ambiri zimaima. Zifukwa zake ndi ziwiri. Nkhuku ikamazizidwa chakudya chambiri chimapita kotenthetsa thupi, choncho onjezerani chimanga pang'ono madzulo, ndipo mbali ya khola yoyang'ana kummwera muitchinge ndi mphasa yakale kapena masaka. China ndi kuwala. Masiku amenewa dzuwa limakhala maola 11 ndi mphindi zochepa, pamene nkhuku imaikira mokhazikika ikamaona kuwala maola 14. Ife timadziwa kuitana usipa ndi nyali pakati pa nyanja usiku wonse, ndiye tingalephere kuika kababu kamodzi ka sola m'khola maola awiri madzulo? Koma mukayamba musamadumphitse, lero kuyatsa mawa ayi, bola osayamba.

Tsopano chilimwe, chimene tilimo panopa. Ku Monkey Bay kuno October mukumudziwa, mchenga umawotcha mapazi 9 koloko m'mawa. Nkhuku ilibe thukuta. Imadziziziritsa poyasamula kukamwa n'kumapuma wefuwefu, mapiko ali tambalale. Ikamatero imadya pang'ono, ndipo kupuma mothamangako kumasokoneza magazi ake moti chigoba chimatuluka chopyapyala ngakhale kashiamu alipo. Madzi apa ndiye nkhani yaikulu. Masiku wamba thadzi limodzi limamwa pafupifupi kapu imodzi ya 250 ml, kukatentha limatha kumwa kawiri kuposa apo. Magawo atatu mwa anayi a dzira ndi madzi. Injini ikasiya kukodza kumbuyo kuja, aliyense amazimitsa nthawi yomweyo chifukwa akudziwa kuti impela yapita ndipo mutu upsa. Koma munthu yemweyo amasiyira nkhuku kachigoba ka sadini ka madzi pa dzuwa, kamene pofika 10 koloko kauma kapena katentha ngati tiyi, iye n'kupita kukatchova bawo. Tikukhala m'mbali mwa nyanja yaikulu chonchi nkhuku zathu zikufa ludzu, abale, tizichitako manyazi. Ikani madzi pamthunzi, mu mphika wadothi kapena chigubu chodula, musinthe kawiri kapena katatu patsiku. Tsiku limodzi lopanda madzi likhoza kukuimitsirani mazira kwa masiku ambiri.

Chakudya muzipereka kusanatenthe, m'mamawa pamene a kauni akufika pa doko, ndi madzulo dzuwa litapendeka. Zigoba zokulirapo zija zipatseni madzulo, chifukwa chigoba cha dzira chimapangidwa usiku nkhuku ili mtulo. Msipu nthawi ino kulibe, mbuzi zamaliza zonse, ndi chifukwa chake chachikasu cha m'dzira chimatuwa. Masamba a chammwamba, bonongwe wa kudimba, zotsala za mpiru ndi rape pamsika, mangani kamtolo mupachike m'khola zizijompha. Chiswe nachonso n'chaulere: tengani mphika wakale, ikanimo ndowe zouma ndi mapesi, wazani madzi, vundikirani pamene pali chiswe, m'mawa mukakhuthulire nkhuku.

Ndipo chilimwe chomwechi ndi nyengo ya chitopa. Apa ndiye ndikalipa, chifukwa chaka chilichonse ndi nyimbo yomweyo. Nkhuku ziyamba kuwodzera, kuhema, chitosi chobiriwira, khosi kupindika, ndiye anthu ayamba kusinja tsabola, kuthira phulusa m'madzi, ena kutsegula makapisozi a anthu. Chitopa ndi kachilombo ka vayirasi, chikalowa mankhwala ake palibe. Chimene chilipo ndi katemera. Wa I-2 uja ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi inayi iliyonse, ndipo mtengo wa dontholo sufika pa mtengo wa dzira limodzi. Amaperekedwa nkhuku zili bwino, osati zitayamba kale kudwala. Mungadyetse bwino bwanji, popanda katemera mukunenepetsera dzenje. Ndipo inu amene mumathamangira kumsika kukagulitsa zodwala motchipa, kapena kubweretsa nkhuku ya mphatso n'kuiphatikiza ndi zinzake tsiku lomwelo, ndinu amene mumayendetsa matendawa mudzi ndi mudzi. Yachilendo izikhala payokha masabata awiri.

Dzinja ndiye mayeso enieni. Mvula yoyamba imanyenga. Ngumbi zituluka, nyongolotsi, ziwala, udzu wanthete, nkhuku zisangalala ndipo mazira achuluka mwadzidzidzi. Inu a kumpoto, ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, nkhungu zikatera mumakhala ndi zotsala zimene nkhuku zimakonda kwabasi. Apa ndi pamene achimwene aja amaloza n'kunena kuti mwaona, zikudzidyetsa zokha. Dikirani January. Nyanja inatsekedwa mu November kuti chambo chiswane, makoka anakhala pamtunda, ndalama zinatha ndi Khirisimasi ndi fizi. Chimanga chakwera, anthu asiya kukonola ayamba kugayitsa mgaiwa kuti ufa uchuluke, ndiye madeya asowa. Ochepa amene alipo akulimbirana a nkhumba, ophika kachasu, ndipo chaka chikavuta anthu amene. Nkhuku zambiri zimatsekeredwa kapena kumangidwa mwendo kuopa kuti zingafukule mbewu za aneba. Tizilombo tilipo, inde, koma mphamvu palibe. Oyilo alipo, petulo watha.

Ndipo chinyezi chimawononga chilichonse. Usipa wosowa dzuwa umawola pa thandala, ndiye ena amati bola ndipatse nkhuku. Ayi. Nsomba yowola ndi mphutsi za m'nyama yakufa zimatha kukhala ndi poizoni amene amalefula nkhuku, khosi kungoti lende, m'mawa mwaipeza yauma. Matumbo ndi mitu ziphikeni tsiku lomwelo zikadali zabwino, mupatse zimene zithe nthawi yomweyo. Chimodzimodzi chimanga chowola ndi mtedza wachuku zimene amayi asankha kuti anthu asadye. Chizolowezi chathu ndi kuponyera nkhuku. Chuku chimawononga chiwindi cha nkhuku, mazira amachepa, ndipo anapiye amangofa osadziwika bwino. Chofumbwa ndi anankafumbwe ikhoza kudya, koma chachuku kwirirani. Makaka a chinangwa amathandiza kulowa m'malo mwa gawo lina la chimanga, bola akhale oviikidwa ndi kuumitsidwa bwino monga timachitira ndi a kondowole, chifukwa chinangwa chowawa chachiwisi chili ndi poizoni. Dziwaninso kuti m'chinangwa zomanga thupi ndi zochepa kuposa m'chimanga, ndiye mukachiwonjezera, soya kapena nsomba zisatsike.

Ndikudziwa funso limene likubwera, ndipo ndi funso lachilungamo. Wina ati, iwe makaniko uli ndi ndalama za mapulagi ndi makabuleta, ife February ana akugona ndi phala, ndiye tipatse nkhuku chimanga? Ayi, mwana ndiye woyamba, pamenepo palibe mkangano. Koma yankho lake si kusunga nkhuku 25 zanjala. Chepetsani. Isanafike December onani kuti ndi ziti zikuikira. Gwirani nkhuku, ikani zala pakati pa timafupa tiwiri ta pansi pa mchira. Zikalowa zala ziwiri kapena zitatu ndipo lipombo lili lofiira, imeneyo ikugwira ntchito. Chikalowa chala chimodzi, lipombo lofota, imeneyo ikungodya. Atambala asanu pakhomo ndi a chani? Mmodzi akukwana mathadzi khumi, ndipo ngati simukufuna anapiye, nkhuku imaikira popanda tambala. Gulitsani zongodyazo nthawi ya Khirisimasi pamene mtengo uli bwino, ndalamayo mugule chakudya cha zotsalazo. Nkhuku 6 zokhuta zikupatsani mazira 4 patsiku mu February. Nkhuku 25 zanjala sizikupatsani kanthu, kenako chitopa kapena chitsotso cha njala chidzakutengerani zonse. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Chimanga chodzaza dzanja limodzi chikadutsa mwa nkhuku n'kutuluka dzira, mwana wapindula kuposa chikanakhala m'phala lopanda kanthu.

Mabungwe ena nawonso ndili nawo mawu. Amabwera ndi galimoto, kugawa anapiye kapena misoti, kujambula zithunzi, kupita. Palibe amene amafunsa kuti nkhukuzi zidya chani mu January. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi zatha, ndiye lipoti limati anthu a kunyanja ndi osasamala. Koma nafenso tisabisale kumbuyo kwa mabungwe. Anyamata ambiri m'gulu muno mumati nkhuku ndi ntchito ya azimayi, simunatungirepo madzi ngakhale tsiku limodzi, simudziwa kumene madeya amachokera. Koma dzira likakazingidwa muli patsogolo, ndipo Loweruka mpira ukamayamba thadzi la mayi anu limasowa m'khola, lapita kukabetchera timu ya ku England imene sikudziwani. Mayi akafunsa mumati yagwidwa ndi vumbwe. Ng'azi imaba mazira, mphamba amatenga anapiye, zoona, koma vumbwe wina amavala jezi.

Achimwene amene munayambitsa nkhaniyi, tisakangane ndi pakamwa. Patulani mathadzi anu atatu amene mukuti ndi okalamba. Apatseni chosakaniza chija, madzi pamthunzi, masabata atatu osadumphitsa. Enawo apitirize kudzidyetsa okha monga mwa chiphunzitso chanu. Muzilemba mazira pakhoma ndi khala, mbali iyi ndi mbali iyo, kenako mujambule khomalo mutumize muno tonse tione.

Kwa ena nonse, mwezi uno ndi wamawa ndiwo omaliza dzuwa lili la ulere. Nkhuku 10 pa miyezi itatu ya December, January ndi February zidya pafupifupi 110 kg. Mmenemo fumbi la usipa ndi makilo 6 okha, zigoba makilo 11, soya makilo 22, zotsalazo chimanga ndi madeya. Fumbi ndi zigoba sizifuna ndalama, zikufuna lichero, mtondo ndi masana awiri. Fumbilo liumitseni kwambiri, mukhoza kulikazinga pang'ono, muike mu ndowa yotseka bwino pamalo okwera, chifukwa makoswe ndi amphaka nawo amalifuna. Soya gulani panopa asanafike pa mtengo wa mbewu, ndipo muzikazinga wa masabata awiri okha, wogaya kale sachedwa kununkha.

Za katemera, botolo limodzi limakwana nkhuku zambiri kuposa za khomo limodzi, ndipo likatsegulidwa silikhalitsa, ndiye n'kupusa aliyense kugula lake. Amene muli mbali ya kuno lembani muno chiwerengero cha nkhuku zanu, anapiye omwe, pofika Lachinayi madzulo, kuti tikalankhule ndi alangizi a ziweto tidziwe tsiku. Tsikulo musatsegule khola m'mawa, sitidzathamangitsana ndi nkhuku mumchenga. Amene mulibe mtondo wosinjira zigoba bwerani ku shedi kwanga, ndili ndi chitsulo cha shafiti yakale chimene chimaphwanya bwino, koma zigobazo mubwere nazo zowotcha kale.

Tumizani ku magulu ena a kunyanja, makamaka kumene kuli alongo athu ndi amayi.